Mano a Ndege ya Amalume

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene amalume anga, a Lameki, anafika kwathu ku Chulu ndi ndege yankhondo pakaliyala wa njinga. Inali m'kabokosi, zidutswa zokhazokha za pulasitiki wotuwa, zogwirana ngati minga ya nsomba. Amalume ankagwira ntchito yoperekera zakudya pamalo ogona alendo ku Lifupa, ndipo mlendo wina wachikulire amene ankakonda kucheza nawo ndiye anawasiyira kabokosiko.

Anyamata a m'mudzi anathamangira kudzaona, koma atamva kuti ndegeyo siuluka, anabwerera ku magalimoto awo a mawaya. Ndinatsala ine, mtsikana. Amalume akabwera kudzapuma, tinkakhala m'chigafa, fodya akulendewera pamwamba pa mitu yathu, n'kumalumikiza phiko ndi thupi, mchira ndi msana. Fungo la guluu linkasakanikirana ndi la fodya wouma. Zala za amalume zinali zikuluzikulu, choncho kampando ka woyendetsa ndinakaika ndine.

Titamaliza kuipenta, mlendo uja anatumiza envelopu kudzera mwa mnzake. Munali pepala labuluu la zomata, zimene anachita kugula pazokha kwa anthu opanga zizindikiro za tindege totere. Panali nyenyezi, manambala, timawu tating'ono tosawerengeka ndi maso, komanso kamwa lofiira la mano oyera akuthwa, lomata kumphuno kwa ndege. Sindinaonepo chinthu chokongola chotero.

"Izi si zomata ngati za pabotolo ayi," anatero amalume. "Umadula kamodzi, n'kukaviika m'madzi ofunda. Kakafewa kamatsetsereka kokha kuchoka papepala kupita pandege."

"Tiyeni timate lero, amalume."

"Dikira, Eneless. Penti wathuyu sanasalale. Zinthu zochokera kutali ngati izi sitingazionongere pantchito yothamanga."

Tinapala penti n'kupentanso. Atauma, amalume anati tidikire dzinja lithe, chinyezi chingaononge. Dzinja litatha panabwera ntchito yosankha fodya. Kenako anati chilimwe chili ndi fumbi. Kenako anati adikira agule kabati yagalasi, kuti ndege ikavala zake ikhale pamalo oyenera. Envelopu ija anaiika m'thiranki, m'kanyumba kawo ka malata komwe masana munkatentha ngati mu uvuni wa njerwa.

Nthawi zina ankaitulutsa kuti ndingoona, nditayamba ndasamba m'manja. Ndinkayang'ana mano aja mpaka ndinawaloweza, ndipo ndinkawajambula pansi ndi kamtengo popita kumjigo. Ndege yokhayo inangokhala pamwamba pa khoma, yotuwa, yopanda dzina, ngati nkhunda yodwala.

Zinapita choncho mpaka ndili mu Sitandade 8, pamene bambo anga, omwe anali mphunzitsi, anawasamutsira ku Mulanje. Masiku amenewo Mulanje kunali kutali kwenikweni. Kumudzi kunalibe mafoni, ndipo ukachoka sunkadziwa kuti udzabwerako liti. Kutatsala tsiku limodzi kuti lole ibwere kudzatenga katundu, amalume anatulukira masana dzuwa lili pamutu, malaya ali chonyowa ndi thukuta. Silinali tsiku lawo lopuma. Anachita kupempha mnzawo kuti awagwirire ntchito.

"Tenthetsa madzi," anatero asanatsamiritse n'komwe njinga. "Lero ndege ivala."

Tinakhala pakhonde, kambale ka madzi pakati pathu, mkati amayi akumanga mitolo. Amalume anadula kamwa lija ndi lumo latsopano, mosamala ngati akuchotsa chitsotso m'diso. Analiika m'madzi. Pepala linapindika, kenako linatambasuka. Atangolikhudza ndi chala, kamwa lonse linanyenyeka. Timano toyera tinabalalika pamadzi ngati gaga.

Amalume anadula kamwa la mbali inayo ya mphuno, nalonso linachita chimodzimodzi. Anayesa nyenyezi, inasweka pakati. Kutentha kwa malata kwa zaka zonsezo kunali kutaziumitsa, ngakhale pamaso zinkaoneka zatsopano. Ine ndinayamba kulira, kulira kwenikweni kofuula, ndipo ndikuganiza kuti sindinkalirira zomata zokha.

Amalume anayang'ana m'kambale nthawi yaitali.

"Ndimati ndikusunga," anatero chapansipansi. "Kani ndimawotcha."

Anadzuka n'kulowa m'nyumba mwawo. Ndinkaganiza kuti apita kukabisa manyazi, koma anatuluka ndi timabotolo tiwiri ta penti wa njinga, wofiira ndi woyera. Anatola nthenga ya nkhuku pabwalo, anaisongola, n'kundipatsa.

"Pukuta misozi. Mano amenewa ukuwadziwa kuposa ine. Jambula."

Ndinayamba kujambula. Mano ena anatuluka aatali, ena ngati ongomera kumene a mwana, ndipo penti wofiira anayenderera mpaka kutayala. M'malo moopsa, ndege yathu inkaoneka ngati ng'ona yomwe yamva nkhani yoseketsa. Amalume anaseka mpaka kutsokomola, inenso ndinaseka misozi ikadali m'masaya. Pa pepala lonse lija, kanambala kamodzi kokha ndi kamene kanatsetsereka bwinobwino. Tinakamata kumchira, ndipo kanagwira mosalala ngati kanabadwira pomwepo. Tonse tinakayang'anitsitsa, poona mmene ndege yonse ikanaonekera.

M'mawa lole itafika, anandiika ndegeyo m'manja.

"Usakaiike pamwamba," anatero. "Ngati n'kuthyoka, ikathyoke ukusewera nayo."

Inathyokadi. Azichimwene anga aang'ono ankathamanga nayo m'mizere ya tiyi, akulira ngati injini, ndipo chaka chisanathe inali yopanda mapiko. Amalume ndinadzaonana nawo kangapo kokha pambuyo pake. Anamwalira ndili kukoleji.

Kwa nthawi yaitali ndinkaganiza kuti anali munthu wozengereza chabe. Pano ndakula, ndipo ndikuona kuti sizinali choncho. Munthu amene zinthu zokongola sizimufikira kawirikawiri amaopa kuzigwiritsa ntchito, chifukwa akudziwa kuti zikatha sizibweranso. Mantha amenewo ndili nawo inenso. Sabata yatha mwana wanga wamkazi anandipempha kuti avale diresi yake yatsopano, Lachiwiri wamba, kopanda ukwati kapena tchalitchi, akungopita kukasewera kwa mnzake. Mawu akuti "dikira" anafika pamlomo penipeni. Ndinawameza, n'kupita kukayatsa ayironi.