Tsiku Limene Phiri Linagumuka ku Chezi

Fungo la fodya wouma pang'onopang'ono m'chigafa limandikumbutsa agogo aamuna mpaka lero. Ndimawaona atakhala pansi pa masamba olendewera, singano yosokera fodya ili m'manja, wailesi ikulira pambali, madzi a mvula akudontha kuchokera pa udzu wa denga. Ine ndi mlongo wanga Yohane tinkakhala nawo ku Chezi, m'tsinde mwa phiri, makolo athu ali pa ntchito ku Lilongwe.

Agogo anali mkulu wa mpingo. Wailesi ikanena za chivomezi kunja, kapena za madzi osefukira kummwera, ankaitseka n'kutiyang'ana. "Mwamva, adzukulu? Zonsezi zinalembedwa. Lipenga likadzalira, wabodza adzatsala."

Mawuwo ankandilasa, chifukwa ndinali ndi mlandu. Ndinakhalira magalasi awo owerengera n'kuwathyola, koma ndinanamizira Yohane. Agogo anamukwapula ine ndikuonerera.

Chaka chimenecho, ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, mvula inagwa masiku anayi osakata. Tsiku lachisanu masana, tikusoka fodya, tinamva mkokomo ngati malole ambiri akutsika phiri nthawi imodzi. Nthaka inagwedezeka, nkhuku zinabalalika. Ndinaganiza kuti lipenga lija ndi limeneli. Ndinagwira mwendo wa agogo n'kuyamba kulira.

"Agogo, magalasi aja ndinathyola ndine. Si Yohane."

Anandiyang'ana, ndipo ndinaona kuti nawonso mantha awagwira. Asanayankhe, kumtunda kunamveka mfuu. Anali a Yusufu, anansi athu achisilamu omwe ankagulitsa mchere ndi sopo pamsika. Mbali ina ya phiri inali itagumuka, matope ndi miyala zitagwetsa khoma la nyumba yawo, akazi awo ndi khanda ali mkati.

Agogo anatola khasu. Panjira tinakumana ndi amayi ena a mumpingo akuthamangira kutchalitchi. "Akulu, si mapeto awa? Tiyeni mukatipempherere."

"Ngati ndi mapeto, atipeze tikukumba," anatero agogo osaima.

Amayiwo anabwerera nafe. Amuna a m'mudzi ankakumba, ife tinkatuta matope ndi ndowa ndi mabeseni. A Yusufu ankakumba ndi manja mpaka zala zinatuluka magazi. Patapita nthawi yaitali, agogo anakweza dzanja kuti tonse tikhale chete. Pansi pa njerwa panamveka kakhanda kakulira. Chitseko chinali chitagwera pa bedi n'kusiya kampata, ndipo mayi ndi mwana anali momwemo. Mayiyo anathyoka mwendo, koma onse anatuluka amoyo. A Yusufu anakumbatira agogo.

Mvula itakata, agogo anakhala pa mwala, matope mpaka m'chiuno, n'kundiitana. "Dziko silinathe, Esinati. Ndiye kuti mlandu wako ulipobe. Pita kwa mlongo wako."

Ndinagwada pamaso pa Yohane n'kupepesa. Iye anangoti, "Ndinkadziwa kuti ndiwe." Kenako agogo anamugwira paphewa. "Inenso ndinakukwapula osafunsa bwino. Undikhululukire, mdzukulu wanga." Ndinali ndisanamvepo munthu wamkulu akupepesa mwana.

Agogo sanasiye kukhulupirira kuti Ambuye ali pafupi kubwera, ndipo anamwalira akunenabe zomwezo. Koma dzinja lotsatira anatitenga kukabzala mibawa pamalo pomwe panagumuka. Yohane atawafunsa chifukwa chobzalira mitengo yochedwa kukula chotere, anati, "Tsikulo sanandiuze. Koma phiri ili ndikulidziwa."

Masiku ano namondwe akawononga, pa foni yanga pamadzaza mauthenga oti nthawi yatha. Ndimawerenga, ndimapemphera, koma sindinjenjemeranso. Chaka chatha ndinapita ku Chezi ndi ana anga. Mibawa ija yatalika kuposa tchalitchi. Khanda la a Yusufu lija tsopano ndi mayi, ndipo ndinamupeza atayala mkeka pansi pa mitengoyo, akuyamwitsa mwana wake.