Telala wa Nsalu Zakuda

Pakhonde la sitolo ya penti, pakati pa wokonza mawotchi ndi mayi wogulitsa mazipi, pamakhala telala amene anthu amangowatchula kuti a Chinyontho. Zaka makumi atatu akupalasa makina, koma nsalu yoyera sankaiyandikira. Awo anali mathalauza akuda ndi mayunifolomu a alonda, basi. Vuto linali manja. Amatuluka thukuta ngakhale m'miyezi yozizira, anzawo akuwothera dzuwa. Choko chimasungunukira m'zala, sizasi imachita dzimbiri, manambala a patepi anafufutika kalekale. Moni wa pamanja anausiya ali mnyamata, moti ena amati ndi onyada. Anyadire chiyani munthu woyenda ndi timatawulo titatu m'thumba?

Tsiku lina mwana wawo wamkazi, mmodzi yekhayo, anafika ndi nsalu yoyera mbee. Ukwati wake unali utatsala miyezi iwiri.

"Bambo, diresi mundisokere inuyo."

"Pita kwa mnzanga wa kuseri kwa msika, mwanawe. Ine ndikuwonongera nsalu."

"Kwina sindipita."

Nkhani itamveka pakhondepo, aliyense anasanduka dokotala. Wokonza mawotchi anati paudala, koma paudalayo anangosanduka phala. Alamu awo a Chinyontho anati magolovesi; thukuta linadzaza mkatimo n'kumatsikira m'zigongono. Akazi awo ndiwo anatopa nazo n'kuwakokera kwa dokotala wa khungu.

Dokotalayo, mtsikana wa msinkhu wa mwana wawo, anangoyang'ana zikhathozo kamodzi.

"Awa ndi matenda odziwika, bambo. Chithandizo chilipo, njira zake n'zingapo."

A Chinyontho anapsa mtima. Zaka zonsezi akuuzidwa kuti thukuta ndi chizindikiro cha munthu wolimbikira, kodi anali matenda? Dokotala anayamba kutchula. Mankhwala opaka pogona, manja ali ouma.

"Ouma liti, adokotala?"

Kuviika manja m'madzi odutsa magetsi ochepa, kangapo pa sabata. Majakisoni m'zikhatho, ogwira miyezi yowerengeka. Mapiritsi. Pomaliza opaleshoni, koma nthawi zina thukutalo limangosamukira kumsana.

"Ndiye kuti ndikadulidwe kuti mvula ichoke pakhonde ilowe m'nyumba?" Opaleshoni anaikaniratu. Majakisoninso ayi: iwo singano amadziwa kubayira nsalu, osati kubayidwa.

Opakawo anawayabwa mpaka khungu kusupuka. Amagetsi aja anayesa kawiri, koma zala za telala zili ndi timabala ta singano tosawerengeka, ndipo kalikonse kankaluma ngati mavu. Anatsala mapiritsi.

Patatha masiku anayi manja anauma gwa. Anawatembenuza uku ndi uku ngati obwereka. Anayala nsalu yoyera ija, anaidula, mtima uli m'malo. Kenako anatenga ulusi kuti alowetse pasingano, n'kuupititsa kukamwa monga achitira telala aliyense. Malovu panalibe. Mapiritsi aja sanasankhe, anaumitsa ndi m'kamwa momwe. Anamwa madzi, ananyambitanso, ulusi uli nyankhalala. Masonso ankaona kabowo ka singano mwachimbuuzi. Theka la ola linatha akulimbana ndi kaulusi, akutukwana chamumtima. Moyo wonse madzi osefukira, lero dontho limodzi lokha kusowa.

Mawa lake anabwera ndi akazi awo kuntchito, n'kuwakhazika pampando pambali pa makina.

"Bambo ake, ine ndinakwatiwa kuti ndizinyambita ulusi?"

"Ingonyambitani, mayi. Mwanayo ndi wanunso."

Masabata atatu anatha choncho, akukangana ulusi uliwonse, wokonza mawotchi akufa ndi phwete. Diresi linatha lopanda banga ngakhale limodzi.

Mwana anabwera kudzayesa kunyumba, pabalaza. A Chinyontho anagwada kupinda m'munsi, mapini ali kukamwa. Podzuka anaona m'chiuno mwa diresi zidindo za zikhatho ziwiri zonyowa, zala zonse kuoneka. Anayang'ana manja awo, ali ouma.

"Si inu, bambo," anatero mwanayo. "Ndi ine."

Anatambasula manja ake. Ankanyezimira, dontho likutsika pachala.

"Zinayamba liti?"

"Ndili kusukulu. Telala wina akanandiseka, n'chifukwa chake ndinakakamira inu."

"Nanga osandiuza bwanji?"

"Ndinkayesa mudzadziwa nokha tsiku limene mudzandigwire dzanja."

A Chinyontho analavula mapini aja. Anayesa kukumbukira tsiku lomaliza limene anamugwira dzanja mwanayu, ndipo anapeza kuti linali tsiku loyamba sukulu, pamene anamusiya msanga poopa kumunyowetsa. Manyazi anawagwira, ndi chisoni chomwe.

"Lolemba tipitira limodzi kwa dokotala uja," anatero. "Koma mapiritsi uganize kaye."

Anapisa m'thumba kuti amupatse kathawulo, kenako anakasiya momwemo. Anatenga dzanja lonyowalo n'kuligwira ndi manja onse awiri.