Mpunga wa Eni Nyumba

Kalata yondiitanira ku msonkhano wa ku Lilongwe inandipeza ndili ndi mwana wa miyezi isanu. Ndinkagwira ntchito ku Balaka, m'bungwe lina lophunzitsa alimi, ndipo malo apamwamba amene ndinali nditagonapo anali maresitihausi a pa boma, aja oti ukatsegula mpopi umangomva mpweya kuti fuu. Tsopano ankati masiku atatu mu hotela yaikulu ya mumzinda, kudya ndi kugona zonse zaulere. M'munsi mwa kalatayo analembamo kuti woyamwitsa abwere ndi munthu womulerera mwana.

Munthu wotero ine ndinalibe. Mayi amene ankandithandiza anali atapita ku maliro kwawo. Ndinaimba foni kwathu ku Chikweo, ndipo amayi anga sanafunse n'komwe kawiri. Anangoti, “Ndibwera, mwanangu.”

Apa ndiulule kaye, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Ku ofesi ndinali nditanama. Tsiku lina pa nkhomaliro anzanga ankatchula makolo awo, uyu bambo ake anali akalaliki, uyu mayi ake namwino. Itafika nthawi yanga pakamwa panangotuluka kuti amayi anga ndi mphunzitsi wopuma ntchito, amakhala ku Zomba. Bodzalo linamera mizu. Abwana anga, mayi wonenepa wokonda kuseka, ankati ndikamapita ku tchuthi, “Ukawapatse moni aphunzitsi.” Chonsecho amayi anga sanapondepo m'kalasi. Ankasaina ndi chala. Chichewa chawo chinali chothira Chiyao. Ankalima mpunga kudambo, ndipo ndi mpunga womwewo, wosenza pamutu mpaka kumsika, umene unandifikitsa pa mpando wa mu ofesi umene ndinkanamirapo.

Anafika ku Balaka madzulo, fumbi lili mbuu kumapazi, atasenza dengu lophimba ndi chitenje.

“Muli chiyani umu, amayi?”

“Mpunga. Ndapuntha ndekha, ndapeta kawiri.”

“Wa chiyani? Kumene tikupitako chakudya n'chotaya.”

“Wa eni nyumba. Tikagone m'nyumba ya anthu masiku atatu, ife chimanjamanja? Ndinakulera choncho ine?”

“Amayi, hotela ilibe eni nyumba.”

Anandiyang'ana ngati ndapenga. “Nyumba yopanda mwini? Inangomera yokha ngati bowa?”

Ndinatopa nazo, ndinawasiya. Galimoto ya ku ofesi ndinaikana, ndinati mwana amasanza, tibwera pa basi. Chifukwa chenicheni mwachidziwa kale.

Hotela ija, abale! Zitseko zagalasi zinkatseguka zokha, pansi pankawala moti umadziona nkhope. Pakhomo panaima bambo wachikulire, wamtali, atavala jekete lofiira la mabatani agolide, chipewa kumutu, magolovesi oyera m'manja. Ntchito yake inali kulandira alendo ndi kuwanyamulira zikwama. Amayi atangomuona anavula nsapato zawo zapulasitiki n'kuzigwira m'manja.

“Valani!” ndinatero chapansipansi, mano nditaluma. “Valani msanga!”

M'chikepe chokwerera m'mwamba anandigwira mkono mwamphamvu n'kunong'ona Bisimillahi. Ine maso anali uku ndi uku, kuopa kukumana ndi wa ku ofesi.

Chipindacho ndinachikonda, sindinama ayi. Bedi lalikulu loti mungagonepo anthu anayi, nsalu zoyera kuti mbee, kamphepo kozizira kotuluka m'khoma, madzi otentha nthawi iliyonse. Ndinadziponya pabedi paja n'kuseka ndekha. Mumtima ndinati, basi, moyo wanga ndi uwu, kufumbi sindibwererakonso. Amayi anakhala pansi, pakona, dengu lawo pambali. Bedi lachiwiri analikana, anati angadetse za eni ake.

Ndinawapatsa malamulo ngati mwana. Musatuluke. Musayankhe foni iyo. Chakudya ndizikubweretserani kuno. Mwana akalira kwambiri mudikire, ndizibwera kudzayamwitsa.

“Nanga eni ake tiwalonjera liti?”

“Mawa,” ndinatero, kuti angokhala chete.

Tsiku loyamba linatha bwino. Anakhala m'chipinda muja ngati nkhuku ya m'chitatanga, kuswali, kulera mwana, kusuzumira pawindo. Mayi wokonza m'zipinda atabwera, amayi anamukaniza, anati mlendo wamkazi wa manja ake sangaseseredwe, n'kumulanda tsache. Madzulo anandifunsanso za eni nyumba. Anati mpunga ukuwachititsa manyazi, anthu aja aziti tinachokera kutchire. Ndinati ndatopa, tiona mawa.

M'mawa mwake inali nthawi yanga yolankhula pamsonkhano. Ndinalankhula bwino, Chingerezi chikungoyenderera, anthu anaomba m'manja. Bwana wamkulu wa ku likulu anandigwira chanza n'kundiuza kuti ku Lilongwe kuli malo, ndipo akufuna munthu ngati ine. Tinatuluka kukamwa tiyi m'bwalo lalikulu la pafupi ndi khomo, anthu oposa amene amasonkhana pa ukwati, aliyense kapu m'manja. Ine ndinaima pakati pa abwana awiriwo, samusa ili pa kambale.

Ndiye chikepe chinatseguka.

Anatuluka amayi. Opanda nsapato. Mwana wanga kumbuyo, mpango wawo woyera wopitira ku mzikiti Lachisanu uli kumutu, dengu pamwamba pake. Ndinamva pambuyo pake kuti mayi wokonza m'zipinda uja ndiye anawasindikizira batani. Anayenda mowongoka, osacheuka. Anamudutsa mkulu weniweni wa hotelayo, kamnyamata ka suti yotuwa kamene kanaima pa kauntala, n'kulunjika kwa bambo wa jekete lofiira. Kwa iwo zinali zoonekeratu: wachikulire, wovala bwino kuposa onse, woima pakhomo kulandira alendo. Mwini nyumba angakhalenso ndani?

Anatula dengu, anagwada, anaomba m'manja katatu mwaulemu. M'bwalo monse munayamba kukhala zii.

“Bambo, pepani tachedwa kudzakuonani,” anatero, mawu awo omveka bwino ngati ali pabwalo la kwathu. “Tagona bwino m'nyumba mwanu, tadya, takhuta. Kampunga aka n'kakumunda kwathu. Mukaphikire ana.”

Wina anaphulika chiseko. Kenako onse. Mafoni anatuluka m'matumba, kujambula. Mnyamata wina wa ku ofesi kwathu anachita kugwira pamimba. Bambo wa jekete uja anangoima, manja ali m'malere, osadziwa chochita.

Abwana anga anandigunda ndi chigongono, misozi ya chiseko ili m'maso. “Iwe, si mwana wako uyo? Gogo ameneyu unamutola kuti?”

Nthawi ndinali nayo. Ndimafuna nditanena kuti zinangondipulumuka, koma iyayi. Ndinayang'ana bwana wamkulu, ndinayang'ana mapazi a amayi ong'ambikang'ambika pa simenti yowala ija, ndinakumbukira aphunzitsi a ku Zomba. Ndinasankha.

“Ndi wantchito,” ndinatero mokweza, kuti onse amve. “Ndinamutenga kumudzi. Sadziwa kanthu.”

Ndipo sindinalekere pomwepo. Munthu ukayamba nkhanza pagulu umafuna uimalize, aone kuti ndiwe bwana ndithu. Ndinaika kapu pansi, ndinapita pamene anagwadapo, nsapato zanga zikulira kuti kho kho kho.

“Ndinakuuza chiyani iwe? Ndinati utuluke? Nyamuka apa! Ukundichititsa manyazi!”

Chibadwire ndinali ndisanawatchulepo kuti iwe. Ndinakoka dengu lija mwaukali, iwo analigwira mbali inayo, linapendekeka. Mpunga unakhuthuka kuti waa, kumwazika mpaka kunsi kwa mipando. Fungo lake linandipeza pomwepo, fungo la m'nyumba mwathu nthawi yokolola.

Amayi anakweza maso n'kundiyang'ana. Sanandiyang'ane nthawi yaitali. Sanalire, sanakalipe.

“Pepani, madamu,” anatero.

Anawerama n'kuyamba kuwola mpungawo ndi manja, mwana akugwedezeka kumbuyo. Anyamata awiri anathamanga ndi matsache, koma amayi anawatambasulira dzanja, kuwapempha kuti chakudya sasesa ngati zinyalala. Bambo wa jekete lofiira anavula magolovesi ake, ananjuta, n'kuyamba kuwola nawo. Ndinamumva akuwalankhula motsitsa mawu m'Chiyao, akuwatchula kuti amama. Munthu wosawadziwa.

Belu loitanira ku msonkhano linalira. Ine ndinatembenuka n'kulowa. Pakhomo abwana anga anandinong'oneza kuti, “Usadandaule. Achikulire ndiye abwino, sangakubere mwamuna.” Ndinaseka nawo. Eee, ndinaseka, mano onse panja.

Masana ndinakwera kukayamwitsa. Ndinawapeza atakhala pakona pawo, dengu lili lopanda kanthu. Mpunga umene anautola, bambo uja anaulandira ndi manja awiri. Nditalowa amayi anadzuka, anamasula mwana, anagwada n'kundipatsa.

“Ali ndi njala, madamu.”

“Amayi, basi. Kuno kulibe anthu.”

“Iyayi, madamu. Ndingazolowere, n'kudzalakwitsa pagulu.”

Mukuganiza kuti ndinapepesa? Ndinalusa. Ndinati mukanandichotsetsa ntchito, ndinati ndinakuuzani kuti musatuluke, ndinati mavuto a anthu osaphunzira ndi omwewa. Zonsezo ndinalankhula mwana ali kubere. Iwo anangokhala, maso pansi, akuti inde madamu, zoona madamu. Tsiku lonyamuka anakagwadanso kwa bambo uja kutsanzika, ine nditaima patali ngati sindikuwadziwa. M'basi anakana kukhala mpando woyandikana nane, anakakhala kumbuyo.

Ntchito ya ku Lilongwe ndinaipeza. Mahotela ndagonamo ambiri kuchokera pamenepo, ena oposa ija, moti ndimatha kudandaula kuti thaulo ndi lolimba. Ndinkaganiza kuti za madamu zitha pakapita sabata, mwina mwezi. Amayi anga ndinali ndisanawadziwe.

Ndikafika ku Chikweo, galimoto isanazime n'komwe, ankaitana adzukulu awo kuti, “Madamu afika, tulutsani mpando.” Iwo ankagwada chapatali kundipatsa moni. Chakudya changa ankandiikira pandekha m'nyumba, m'mbale za alendo, iwo n'kumadyera panja ndi achemwali anga. Za ku hotela sanauze munthu aliyense. Achemwali ankaseka, ankayesa n'kunyadira kwa kholo limene mwana wake wakwera. Mwana wanga ankamuseweretsa ngati kale, kumubereka, kumuimbira, kumutcha mwamuna wawo. Ine ndekha ndi amene anandichotsa m'kaundula.

Chaka chachiwiri ndinawatsatira kudambo. Ndinalowa m'matope ndi nsapato zomwe, ndinagwada, ndinalira mamina ali chuchuchu. Ndinati amayi ndinalakwa, ndimenyeni, nditukwaneni, koma munditchule kuti mwanangu kamodzi kokha. Anaimika khasu, anapukuta thukuta.

“Ine sindinakwiye, madamu. Mwandilakwira chiyani? Ntchito munandipatsa, ndinagwira. Dzukani, mudetsa zovala.”

Ndinapsa mtima. Ndikanakonda akanandimenya ndi mpini wa khasulo. Ndinawagulira malata, anathokoza atagwada. Ndinawagulira matiresi, anati Mulungu akudalitseni madamu. Ku ofesi ya ku Balaka ndinakaulula kuti aphunzitsi a ku Zomba kulibe, amayi anga ndi gogo wa mpunga uja. Anthu anangoti aaa, n'kupitiriza kumwa tiyi. Ambiri anali ataiwala kale. Chinthu chimene ndinagulitsira amayi anga, eni ake sankachikumbukira n'komwe.

Zinakhala choncho zaka zisanu ndi chimodzi.

Sabata yawo yomaliza anali m'chipatala cha boma ku Machinga, chifuwa chitawatha. Ndinayendetsa galimoto kuchokera ku Lilongwe osaima paliponse. Ndinawapeza ataonda, mutu uli pa chitenje chopinda, koma nzeru zili zonse. Achemwali anali atatuluka kukaphika phala. Ndinakhala pansi pa simenti, pafupi ndi bedi, n'kuwagwira dzanja. Sanalichotse. Mtima wanga unati lero ndi lero.

Namwino anabwera ndi faelo yake. Anati nthawi yoona odwala yatha, wotsala akhale wachibale yekha.

“Ndine mwana wawo,” ndinatero msangamsanga.

Anandiyang'ana, suti, wotchi, makiyi a galimoto, kenako anayang'ana amayi. Anawerama n'kuwafunsa mokweza, monga amafunsira okalamba. “Agogo, awa ndi ndani wanu?”

Amayi anatembenuza mutu pang'onopang'ono. Anandiyang'ana bwinobwino, nthawi yaitali kuposa tsiku lija. Ndinafinya dzanja lawo.

“Ndi abwana anga awa,” anatero. “Ndinkawalerera mwana.” Anapuma kaye, chifuwa chikulira. “Apatseni mpando, asakhale pansi.”

Namwino anakatenga mpando, ndipo ndinakhalapo.