Kabakha Kamene Anakadula

Tepi ya vidiyoyo inali yakuda, yopanda chikuto, yonunkha fumbi. Amalume anaigula pa msika wa zinthu zakale, n'kubwera nayo m'fulati yathu ku Thamesmead, mu London, chilimwe chimene ndinali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Inali katuni yakalekale ya mbalame zoyera zoimba m'dziwe.

Amalumewo, mlongo wawo wa amayi, ankagona pa sofa pathu chifukwa analibe kwina kolowera. Za filimuyo ankazidziwa zonse: kuti zithunzi zake anazijambula ndi manja chimodzichimodzi, kuti nyimbo ina inaimbidwa ndi anthu akuda koma mayina awo sanalembedwe. Chimene ankanyadira kwambiri n'chakuti tepi yathu inali yosadula. Munali kabakha kakuda, ka milomo ikuluikulu yofiira, kamene kankagwada n'kumapukuta mapazi a mbalame zoyerazo kakusekerera. "Za m'mashopu anakachotsamo kameneka," ankatero, "nyimbo imangodumpha." Iwo ankafuna ndione chimene azungu anachibisa. Ine kabakhako ndinangokakonda, poti ndi kokhako kanali ka khungu langa.

Amayi atatipezerera anazimitsa TV. "Ukamuonetsanso mwana zimenezi, utuluka muno." Tinkaonerabe iwo akapita kuntchito. Lero ndimati amalume anali ndi nzeru za m'mabuku, koma mtima wa mwana sankaudziwa.

Sukulu itatsegulidwa, ndinagwada pabwalo pamaso pa atsikana atatu achizungu, n'kumawapukuta nsapato ndi juzi yanga, uku ndikuimba nyimbo ya kabakha. Anaseka, ine n'kusangalala. Aphunzitsi anaimbira foni amayi.

Amayiwo anabwera kudzanditenga, tinabwerera pa basi. Titangolowa m'nyumba, mbama yawo inandigwetsera pakhoma, m'kamwa n'kudzaza magazi. "Wakhala ukuonera ndi ndani?" Ndinaloza pa sofa, ndipo chala chimenecho chimandichititsabe manyazi. Anazula tepi m'makina, kuiponda ndi chidendene mpaka kuswekasweka, zam'kati n'kutuluka ngati matumbo a nkhuku. "Achemwali, menyani ine!" amalume anakuwa. Anawamenyadi. Rimoti inawaphulitsa mphuno, kapeti inathimbirira ndi magazi, zovala zawo zinaponyedwa pa masitepe. Anazitola okha n'kumapita, ndipo sanagonenso pathu.

Ndinalira mokwiya. Kugwada anandiphunzitsa ndi amayi omwewo, kuti mwana wamkazi sapereka madzi kwa akulu ali chiimire. Nanga ndinalakwa pati?

Kenako ananditengera kubafa, n'kukhala pansi kuti anditsuke mlomo. Yunifomu yawo itakwera, ndinaona mawondo akuda bii, okhakhala, ong'aluka. Ndinawafunsa ngati anagwa. Anangokokera yunifomuyo pansi. Sindinkadziwa kuti kunyumba yosamalira okalamba kumene ankagwira ntchito, amayi ankaswera chogwada, kusambitsa mapazi a azungu, ena a iwo akuwatukwana khungu, amayi n'kumangosekerera kuti ntchito isathe.