Munkaseka ndi ntchafu ya nchenzi

Ndikukumbukira galu wathu Munkaseka kuposa aphunzitsi anga a Sitandade 2, ndipo sindipepesa munthu. Tinkakhala kufupi ndi Namitete, zaka za m'ma 50 zija. Bambo anali ku Joni, kalata kamodzi pachaka, ndiye pakhomo tinalipo ine, amayi anga a Nabanda, ndi galu wamkazi dzina lake Sindiyankha. Paja kwathu galu unkamutcha mawu amene ukufuna anthu amve, kuti pomuitana uwalase osakangana nawo.

Sindiyankha anali wamiyendo italiitali, m'chiuno ngati mavu, mphuno yosongoka. Liwiro lake, gwape ankachita kulira. Koma vuto lathu silinali gwape ayi, linali nchenzi. Zinkatidulira chimanga kudimba ngati munthu wadutsa ndi chikwanje, ndiye zikathamangitsidwa zinkalowa m'mauna a pachulu. Galu wamtali uja ankangoima pakhomo pa una, kuuwa mpaka mawu kusasa.

Amayi ankagwira ganyu yosankha fodya pa esiteti ina. Mzungu wa pamenepo anali ndi kagalu kakamuna, kafupi ngati mtondo wosinjira nsinjiro, kandevu pakamwa, kaukali ngati tsabola. Makoswe a m'chigafa chosungiramo fodya ankaona zakuda. Kankawagwira pakhosi, kugwedeza kawiri, kutaya, kenako kulowa pansi pa mabelo kukafuna ena. Amayi anakayang'ana nyengo yonse ya fodya, mumtima akuwerengera zawo. Tsiku lina Sindiyankha atayamba kusonkhanitsa agalu aamuna a m'mudzi monse, amayi anamutsekera m'khola la mbuzi, m'mawa n'kumumanga luzi, ulendo wa ku esiteti. Ine pambuyo.

Anatithandiza ndi a Jailosi, okuphikira mzungu uja, a ku Mulanje, munthu woseka ndi thupi lonse. Tinakumana kuseri kwa chigafa, fungo la fodya likutsamwitsa. Koma abale, kagalu kaja sikankafikira! Kadumphe apa, kadumphe apo, zi. A Jailosi anati, "Mayi, mkamwini wanuyu afunika mpando." Anakokera belo la fodya, ine n'kundithamangitsa kuti ndikaone ngati kukubwera munthu. Ndinamva ndili kumsewu amayi akuseka mpaka kutsokomola.

Patatha miyezi iwiri kunabadwa tiana tinayi. Titatu tinafa ndi matenda a agalu amene anadutsa chaka chimenecho, kanatsala kamodzi kakakazi. Kanakula mpaka m'bondo mwanga basi, n'kuima. Chiuno cha amake, ndevu za abambo ake. Anthu ankachita kupatuka panjira kudzaseka. Amayi anangoti, "Dzina lake Munkaseka."

Amene sanaseke ndi atsibweni anga a Lufeyo, alongo awo a amayi. Iwo ndiwo ankatsogolera uzimba, agalu awo anayi akuluakulu. Anabwera masana ena, osakhala n'pansi pomwe.

"Mlongo, chimenechi n'chiyani? Galu kapena likongwe? Chidzandionongera mbewu ya agalu m'mudzi muno. Mawa ndikachiponya m'dambo."

Amayi anali kusenda mtedza, sanadzutse n'komwe mutu. "Achimwene, mwana mungandilamulire, munda mungandilamulire. Galuyu ndinamuyendera ndekha ndi miyendo yangayi. Loweruka muli ndi uzimba eti? Apite nawo. Akabwera chimanjamanja mukamutaye."

"Apita ndi ndani? Mwamuna uli naye?"

"Ndi ine," ndinatero. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndipo mawu anatuluka okha. Mtsikana ku uzimba kunalibe, kunali ngati kuvala kabudula. Atsibweni anandiyang'ana kuyambira kumapazi. Anavomera chifukwa ankadziwa kuti tikachita manyazi.

Loweruka lija kunatentha, mwezi wa Okutobala. Amuna anayatsa tchire m'mbali mwa dambo, utsi m'maso, phulusa lotentha kumapazi, ine wopanda nsapato. Palibe anandiyankhula, kupatula a Zakeyu, mnzawo wa atsibweni, amene anati, "Mubereke kumsana mwana wakoyo, angapsetu." Ndinagwira luzi zolimba, Munkaseka akunjenjemera thupi lonse, osati mantha koma kufuna kumasulidwa.

Dzuwa lili pamutu panadzambatuka nchenzi yaikulu. Agalu onse pambuyo. Ndinamasula wanga, ndipo ndikunena pano, anayi a atsibweni aja anatsala, kagalu kakungooneka fumbi. Koma nchenzi inafika pachulu, lowu! Agalu akuluakulu anazungulira, kuuwa, kukanda. Atsibweni anati, "Basi yapita, tiyeni, chulu ichi n'chouma ngati mwala." Ndiye ndinaona Munkaseka palibe.

Ndinagwada, kuika khutu pa una. Pansi pankamveka phokoso ngati m'mimba mwa munthu wanjala. Kenako zii. A Zakeyu anati, "Wadziika yekha m'manda, Lufeyo wapuma ntchito." Ndinaitana dzina lija mokuwa, dala, kuti alimve onse: "Munkaseka! Munkaseka!" Kunayamba kutuluka mchira, kenako matako, akubwerera chambuyo, kukoka nchenzi ija, yolemera kuposa iye mwini. Khutu limodzi linali litang'ambika, ndevu zili psuu ndi dothi la katondo.

Tsono lamulo la uzimba wathu linali lakuti mwini wa galu amene wagwira nyama amatenga ntchafu. Pogawana madzulo atsibweni anadula ntchafu ija n'kuika pa mulu wawo, ati galu wa mlongo wawo ndi wawo womwe. Ndinapita n'kuitola.

"Iwe mwana wa Nabanda, ulemu unausiya kuti?"

"Atsibweni, si munati ndi likongwe? Inu mulibe likongwe."

Amuna onse anaphulika kuseka, mpaka a Zakeyu anakhala pansi. Atsibweni anandikwapula ndi kamtengo kawiri m'miyendo, zoona, koma ntchafu sindinaisiye. Ndinafika nayo kunyumba ndikutsimphina. Amayi anaiwamba, fupa n'kupatsa mwiniwake.

Chaka chotsatira Munkaseka atabereka, atsibweni anatuma akazi awo kudzapempha kamwana. Amayi anati abwere okha. Anabwera, anakhala pansi ulendo uno, anapempha. Anawapatsa, koma dzina anatcha amayi: Mwabwera.

Lero madambo aja ndi minda yokhayokha, uzimba unatha, agalu ndi a mpanda, ena amagona m'nyumba ngati alendo. Adzukulu anga amati kusakaniza mitundu ya agalu n'za anthu ophunzira. Ndimawauza kuti amayi anga sankadziwa kulemba dzina lawo. Ndipo mukaona ku Namitete kagalu kafupi, kowonda m'chiuno, kandevu, musakaseke. Ndi kakwathu.