Kamtambo ka Mkazi Mnzanga

Amuna anga pobwera kuchokera kumigodi ya ku Joni anatigawira zonse mofanana, ine ndi mkazi mnzanga, monga mitala imafunira. Nsalu imodziimodzi, sopo kudula pakati. Koma chipangizo choonera patali chimene anabwera nacho sichidulika, ndipo chinakalowa m'nyumba ya mnzanga wamng'onoyo.

Inali nyengo yotentha, tikudyera panja kwathu ku Chipoka. Usiku wina, mnzangayo akuyang'ana m'chipangizomo, ndinawaona ataimirira kumbuyo kwake, atamugwira zigongono kuti manja asanjenjemere, akumulozera kumpoto.

"Kamtambo kotuwako si mtambo ayi," ankamuuza. "Ndi mlalang'amba wina, kutali kuseri kwa wathuwu. Nyenyezi zake n'zosawerengeka, zinazungulirana ngati nkhata."

Iye ankangoti ee, ee, ngati akumva.

Sabata yogona kwanga itafika, ndinawauza kuti nanenso andionetse. Anati mwezi wawalitsa, sikangaoneke. Mwezi utapita, kumwamba kunatseka ndi mitambo ya mvula.

Kamtamboko ndinadzakapeza ndekha chaka chotsatira, ndi maso angawa, ndikuanula usipa pathandala. Kanali ngati ufa wotayikira pamphasa, basi. Kuona ndinakaona, koma zigongono zanga panalibe wozigwira.