Mkanda Umodzi Woopa Madzi

Ine sukulu ndinalekeza Sitandade 4, tsiku limene aphunzitsi anandifunsa likulu la dziko lina, ine n'kuwafunsa ngati iwowo anakafikako. Ndiye za nzeru musayembekezere zambiri kwa ine. Koma mlandu wa apongozi anga ndinauwina ndi sayansi, ndipo wotsutsa abwere, ndidakali moyo, ndimakhala kumtunda kwa Nsipe.

Mwana wanga wachiwiri anakwatira mtsikana wa ku Tsangano n'kubwera naye kwathu pachitengwa. Apongozi angawo ndi munthu wolima mbatatesi ngati thalakitala, wosalankhulalankhula. Mwana wawo woyamba, wamkazi, atangoyamba kukwawa anatupa manja ndi mapazi. Tizala tinakhala ngati nthochi zazing'ono, ukangotikhudza mwana n'kulira mpaka mawu kutha. Munali mu June, kuzizira kwa kuno kolowa m'mafupa kuja. Zinaphwa, zinabweranso. Kachitatu, mlongo wanga wamkulu, amene chimwalirireni mkazi wanga anadzisankha yekha kukhala woyang'anira khomo langa, anagamula: "Mwanayu amutsempha."

Kwa inu obadwira m'tauni, tsempho ndi pamene kholo layenda njira zachigololo mwana adakali wakhanda, mwanayo n'kutupa. Tsono poti mwana wathu wamwamuna ndi mngelo, wolakwa anapezeka msanga: mlendo uja, amene Loweruka lililonse ankapita kumsika ndi mbatatesi zake. Anatumiza mawu kwa ankhoswe a ku Tsangano kuti adzatenge mwana wawo. Kuchipatala anali atayeza kale magazi a khandalo n'kunena kuti ndi sikoselo, koma achemwali anangoti, "Limenelo ndi dzina lachizungu la tsempho."

Ine sindinakhulupirire, ndipo chifukwa chake n'chopusa. Mkazi amene amabwerako kumsika miyendo ili mbuu, matumba opanda kanthu pamutu, dzuwa likadali pamwamba, chibwenzicho amachichita nthawi yanji, ndi ndani, ndi mbatatesi? Koma m'bwalo sungalowe ndi "sindikukhulupirira". Ndinakwera minibasi kupita pa boma.

Ndinapeza mayi wina wachichepere m'chipinda choyezera magazi, wovala khoti loyera. Ndinati andiuze bwinobwino chimene chikutupitsa mdzukulu wanga.

"Agogo, n'zovuta kufotokoza."

"Mayi, ine ndinakhala zaka zisanu ndi zinayi pansi pa nthaka ku Joni ndikumva mabwana okalipa m'Chifanakalo cha kumgodi. Ndikalephere Chichewa chanu?"

Anaseka, n'kuloza thumba la jekete langa. "Ndibwerekeni kolona wanuyo."

Anamutambasula patebulo. Anati m'magazi mwathu muli kanthu konyamula mpweya, dzina lake lilime langa linakana, koma ndi puloteni, ndipo puloteni iliyonse ndi mikanda yotungidwa pa ulusi ngati kolonayu. Mikandayo ili mitundu makumi awiri, uliwonse ndi khalidwe lake. Kenaka anamufumbata kolona uja m'dzanja. "Mwaona? Uwu unali kutali ndi uwo, pano akhudzana. Ntchito imagwirika ulusi ukadzipinda chonchi, ndipo sudzipinda mwachisawawa." Anati mikanda ina imakokana ngati mbali ziwiri za batire. Ina imakonda madzi, imakhala kunja. Ina imadana ndi madzi ngati mafuta, imathawira m'kati n'kuunjikana komweko.

"Ngati ife kumgodi," ndinatero. "A kwathu tinkagona mbali imodzi ya komponi, osatiuza munthu."

"Eya. Tsono kwa mdzukulu wanu, mkanda umodzi wokha, wachisanu ndi chimodzi kuchokera kunsonga, unasinthika. Pamene panayenera kukhala wokonda madzi pali woopa madzi, ndipo uli kunja, pamtetete."

Ndinaumvera chisoni mkandawo. Anati poti ulibe pobisala, magazi akangotula mpweya umakalowetsa mutu m'kathumba ka puloteni inzake. Inzakeyo nayo ili ndi wake woopa madzi, nawo ulowa mwa ina. Mapeto ake zimalumikizana kukhala ndodo zazitali, kaselo ka magazi kamene kanali kofewa n'kupindika ngati zenga, n'kukakamira m'timitsempha ta zala. Ululu ndi kutupa n'komweko.

"Wayenda ndi mwamuna wina ndani pamenepa?"

"Palibe, agogo. Mwana amadwala akalandira mkandawo mbali zonse ziwiri, kwa mayi ndi kwa bambo. Wolandira mbali imodzi amangosunga, sadziwa n'komwe."

"Ndiye mwana wanga ali nawo. Anautenga kwa yani?"

"Kwa inu, kapena kwa mayi ake."

"Mayi ake anatsogola, sangadziyankhire." Ndinapinda mkono wa jekete. "Bayani ine."

Zotsatira zitatuluka ndinavina pakhonde la chipatala mpaka a kabaza kuima kuonerera. Munthu woyamba m'boma la Ntcheu kusangalala pomupeza ndi chinthu m'magazi.

Kolona sindikanapita naye kubwalo, akanati ndikuseweretsa za Mulungu. Ndinanyika chimanga m'madzi, n'kutunga ndi singano maulusi awiri. Pa malo achisanu ndi chimodzi ndinaikapo nsatsi, poti nsatsi ndi mafuta okhaokha.

Ankhoswe anafika Lachinayi m'mawa. Malume ake a mtsikanayo, bambo wamtali wa chijasi chofika m'mawondo, anakhala pampando wanga wabwino, nkhope ili gwa. Apongozi anakhala pamphasa chapatali, mwana kumsana, katundu wawo atamanga kale m'chitenje, mtolo uli poteropo. Mwana wanga ankangokanda pansi ndi kamtengo. Achemwali analankhula nthawi yaitali, za kale, za amayi athu, za atsikana a masiku ano. Atapuma kuti ameze malovu, ndinatulutsa maulusi anga.

"Achimwene, mwayamba ung'anga?"

"Ndayamba udokotala, achemwali. Gwirani uku."

"Sindigwira zithumwa ine."

Anagwira malume aja, mwina chifukwa cha ulemu. Ndinafumbata ulusi umodzi, iwo wina, nsatsi ili kunja. Ndinafotokoza zonse, za okonda madzi ndi oopa madzi, za batire, za zenga. Pena ndinasokoneza, ndinati mikanda ilipo makumi atatu, koma panalibe wondigwira bodza. Ndinalowetsa nsatsi yanga pakati pa zala zawo, yawo pakati pa zanga, manja athu n'kukolana.

"Tayesani kuchoka, bambo." Anakoka, ndinakanirira. "Basi, ndi mmene zilili m'zala za mwanayu. Nsatsi imodzi yachokera ku Tsangano, sitikana. Inayo yachokera pano." Ndinadzimenya pachifuwa, n'kuponya pepala la kuchipatala pamphasa.

"Pepala silidziwa mwambo," anatero achemwali.

"Zoona, silidziwa. Koma likudziwa ine. Ndipo ine ndi inu mimba ndi imodzi, bambo mmodzi. Mwina nsatsi muli nayo inunso. Minibasi ili pamsewupo, tiyeni akakubayeni."

"Andibaye ndani? Ana anga onse anakula osatupa!"

"Chifukwa alamu anga analibe yawo. Munachita mwayi, si kuti munali woyera kuposa mwana wa eni akeyu."

Pamenepo zinavuta. Achemwali anaimirira, chitenje n'kumangira m'chiuno, akuti ndawatukwana pamaso pa alendo. Malume aja anati iwo sanabwere kudzaonerera abale akukangana, ngati mwana wawo sakufunidwa anyamuke dzuwa lisanakwere, ku Tsangano n'kutali. Anakodola apongozi. Apongozi anadzuka, misozi ili chuchuchu, kulunjika pa mtolo paja.

Ndinawatsogolera. Mawondo angawa amalira ngati chitseko cha tchalitchi, koma tsiku limenelo anathamanga. Ndinafika pa mtolo n'kukhalapo, khwathu.

Amayi onse anakuwa. Mwamuna kukhalira zovala za mpongozi wake! Mwambo umati ngakhale mphasa yake usayandikire, ine ndakhalira madiresi ndi zamkati zomwe. Wina anabisa nkhope, wina anathawira kuseri kwa nkhokwe kukaseka.

"Achimwene, mwapenga? Dzukanipo!"

"Sindidzuka. Mwati wobweretsa matenda achoke pamudzi pano. Chabwino. Tilipo atatu: apongozi, mwana wanga uyo, ndi ine. Mutimange mtolo umodzi, a ku Tsangano atinyamule tonse. Ine ndimadya kwambiri, bambo, mudziwiretu."

Malume aja anatsokomola, kubisa kuseka. Koma ine maso anali pa mwana wanga, amene chiyambire anali asanatsegule pakamwa.

"Iwe," ndinati, "mkaziyu unakamutenga wekha, sanakutengere azakhali ako. Unamugwira ndi mwamuna?"

"Ayi, bambo."

"Unamvapo?"

"Ayi."

"Nanga ukukanda pansipo ukufuna mbewa?"

Anangopitiriza kukanda. Ndinakhalabe. Dzuwa linakwera, mthunzi wa mango unatithawa, pansi panga china chake cholimba chikundibaya, koma ndinalumbira mumtima kuti ngakhale chindiboole sindisuntha. Achemwali ananena zonse zimene anali nazo, mpaka za njinga yawo imene ndinathyola tili ana. Mwana anayamba kulira kumsana, apongozi n'kumamugwedeza ali chiimire, osadziwa kolowera.

Kenaka mnyamata uja anataya kamtengo kake. Anabwera n'kugwada pambali panga.

"Bambo, tadzukani. Ndikalowetse katunduyu m'nyumba."

"Nyumba iti?"

"Yathu."

"Kweza mawu, azakhali ako makutu anayamba kuvuta."

Ananena mokweza, ndipo anawonjeza kuti Lolemba apita yekha pa boma akamubaye. Anachita kundidzutsa anthu awiri, iye ndi malume aja, miyendo itachita dzanzi. Achemwali anachoka osatsanzika, ndipo mpaka lero amati linali tsempho, koma za minibasi safuna kumva.

Mdzukulu wanga sanachire, matendawa sachoka. Amamwa mankhwala ake, amamwa madzi ambiri, June akafika timamuveka ngati anyezi, ndipo masiku ena oipa amagonabe kuchipatala. Pa masiku amenewo pambali pa bedi pamakhala mayi ake, amene akanakhala ali ku Tsangano. Chimene chinkandibaya mumtolo chija anali poto watsopano. Ndinamupinda khutu, chivundikiro sichikhalanso bwino, ndipo apongozi anakana kuti ndimuwongole.